A Konzekani ndi Mkamwini Wawo

Lamulungu lapitali tinali ndi mapemphero okumbukira atate, popeza chaka chakwana chimwalirireni. Kwathu kuno ndi tchalitchi cha nthambi, ansembe amabwera mwa kamodzikamodzi, choncho anatsogolera ndi a katekisiti. Chakumapeto anati wina wa pabanja ayankhulepo. Ine ndinali nditagwira kale benchi lakutsogolo kuti ndidzuke, koma mitu yonse m'tchalitchimo inatembenukira kwa Lameki, mwamuna wa mlongo wanga Roza. A katekisiti omwewo, amene anandiphunzitsa ine mapemphero ndili mwana, anati, "A Tembo, tabwerani kutsogolo kuno." Ndinakhalanso pansi ngati ndimangokonza thalauza.

Lameki anayankhula bwino. Chimene chimandipweteka pa munthu ujayu n'chomwecho: salakwitsa kanthu kuti nanenso ndipezepo popumira. Ananditchula ine kuti mwana wamkulu, mwini mbumba, ndipo anapepesa kuti akuyankhula ine ndilipo. Anthu anang'ung'udza mokhutira. Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Atate dzina lawo anali a Zakariya Mwale, koma kuno ku Zingalume mukafunsa dzina limenelo ana angokuyang'anani kukamwa. Ankadziwika kuti a Konzekani, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ya ukwati kaya ya mtengo wa thonje, iwo ankaimaliza ndi mawu amenewo. Anali munthu wamfupi, woonda, wa jekete limodzi lomwe matumba ake ankalemera ndi misomali yopindika, zingwe ndi timawaya totola m'njira. Thumba long'ambika sankataya. Botolo sankataya. Wailesi ankamvera tsiku ndi tsiku, koma mwa njira yawoyawo: ankati akuluakulu akayamba kubwereza kuti anthu asade nkhawa, imeneyo ndiyo nthawi yokasuzumira m'nkhokwe.

Kuti muwamvetse muyenera kudziwa kuti anali mkamwini. Kwawo kunali kufupi ndi malire a Mozambiki, ndipo anabwera m'mudzi muno kudzakwatira amayi, aNabanda. Anakhalamo mpaka imvi mbuu, anabereka ife, anakumba chitsime chimene theka la mudzi limamwapo, koma sanaiwale ngakhale tsiku limodzi kuti munda umene akulimawo uli ndi eni ake. Ankati boma ndi kuchikamwini n'chimodzimodzi: lero akutama kuti ndiwe wolimbika, mawa upeza mphasa yako ili panja. Ndiye munthu uzilima ngati ukhalitsa, koma khasu lako uzidziwa pamene lili.

Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anapita kukaona amayi awo, n'kukapeza mudzi wadzaza ndi anthu othawa. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka makutu kuwawa. Ankasimba kuti ena anafika atasenza mawailesi ndi masutikesi, ena kambewu m'kansalu ndi khasu lopanda mpini. Pofika dzinja lotsatira, a mawailesi aja ankagwira ganyu kwa a kansalu. Koma amene anaima msanga kuposa onse, ankatero atate, anali aja amene anali ndi bwenzi tsidya lino nkhondo isanayambe.

Musaganize kuti ankalondola nthawi zonse. Chaka china cha masankho, ine ndili mnyamata, kunamveka mphekesera yoti zinthu zikavuta misewu itsekedwa. Atate anagulitsa mbuzi pafupifupi khola lonse, napita ku boma ndi ngolo, kubwerako ndi matumba a mchere, sopo, machesi ndi palafini. Masankho anadutsa mwabata, ngakhale galu sanagendedwe. Mchere uja tinaudya mpaka Roza kutha msinkhu. Wina unanyowa n'kuuma gwa, amayi ankachita kuuswa ndi nkhwangwa, akutukwana chamumtima. Mudzi wonse unaseka, koma atate manyazi analibe. Ankati wokonzekera nkhondo yosabwera amataya mbuzi, koma wosakonzekera nkhondo yobwera amataya ana.

Amayi ndiwo analipira kukonzeka konseku. Moyo wawo wonse ankalakalaka nyumba ya malata. Chaka chilichonse tikakolola bwino nkhani inkabuka.

"Anzathu onse akugona m'malata, ife tikungosuntha mphasa kuthawa modontha," ankatero amayi.

"Malata sadyedwa, aNabanda. Komanso amawala patali, amaitana maso."

"Inu mudzafa mukudikira tsoka, tsokalo lili kwa eni ake likudya bwino."

"Likafika mudzandifuna."

"Likafika lidzatipeza tanyowa kale."

Zikatero atate ankatenga chikwakwa n'kupita kukamweta udzu, ndipo denga ankalifolera bwino kwambiri, moti chaka chimenecho amayi ankasowa podandaulira.

Pa zandale anali ngati nsomba ya mlamba, yosagwirika. Msonkhano wa chipani chilichonse ankapita, n'kukhala chakumapeto. Kuwomba m'manja ankawomba mofanana, osapambanitsa uku kapena uko. Chitenje akapatsidwa ankalandira ndi manja awiri, tisheti chimodzimodzi. Koma pakhomo pathu panalibe wovala nkhope ya munthu. Amayi akafuna kuvala chitenje chatsopanocho, atate ankati tidikire zotsatira. Zotsatira zikatuluka, cha wogonja ankati chingatiputire adani, cha wopambana ankati anthu angatiyese odzionetsera. Mapeto ake zitenje zonsezo zinkakulunga mfutso ndi mbewu kudenga, nkhope zitaloza mkati. Amene ankamuvotera sanauzepo munthu, ngakhale amayi. Ine ndinawafunsapo kangapo, iwo n'kungondifunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Koma ndikukhulupirira kuti Lameki akudziwa. Sindinamufunse, chifukwa ndikuopa kuti angandiyankhe.

Lameki anabwera m'mudzi muno kuchokera ku Zemba ndi njinga yopanda mabuleki ndi kachikwama kamodzi. Anali wosayankhulayankhula, wakuda bii, wa manja aakulu. Monga mwa mwambo wathu anamanga nyumba pafupi ndi apongozi ake, ndipo ine, monga mlongo wake wa Roza, ndine ndinamulozera pomanga ndi polima. Ndinkamuona ngati munthu wa pansi panga. Ine sindinapiteko kuchikamwini: mkazi wanga ndinamutenga chitengwa, chifukwa amalume atamwalira mbumba inafunika mwamuna woiyang'anira.

Sindidziwa kuti zinayamba liti. Mkamwini amayenera kuchita manyazi ndi apongozi ake, kupatuka m'njira, kuyankhula atanjuta. Lameki zonsezi ankachita. Koma ndinayamba kuona kuti atate akafuna kusula mpini, akuitana a Tembo. Akafuna kukaona ng'ombe yodwala, a Tembo. Ine ankanditchula kuti Filipo, iwe, monga mwana. Uja ankamutchula kuti a Tembo, inu, ndipo mawu awo ankafewa. Madzulo dzuwa lisanalowe mumawapeza awiriwo ali pakhola, atatsamira mitengo, osayankhula kanthu, kungoyang'ana ng'ombe zikubzikula. Ine ndikafika n'kuyamba nkhani, atate ankayankha mwachidule n'kukumbukira ntchito ina. Ndinkachokapo ngati ndalowa m'nyumba ya eni osaodira.

Ndinadandaulapo kwa amayi. Iwo anaseka n'kunena kuti, "Asiye, ndi alendo okhaokha, akudandaulirana." Ine sizinandiseketse.

Amayi atamwalira, zaka zingapo zapitazo, m'pamene ndinaona kukula kwake kwa chinthuchi. Mwambo umati mkazi akamwalira, mwamuna amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Titameta, m'mawa mwake ndinapeza atate atakhala pakhonde, jekete lili m'thupi, pambali pawo kamtolo komanga bwino ndi khasu. Kamtoloko sikanali komanga tsiku limenelo, chingwe chake chinali chakuda ndi mwaye. Munthu wa zidzukulu, wokalambira m'mudzi muno, anali atakonzeka kale kuthamangitsidwa.

Mtima unandiwawa. Ndinagwada patsogolo pawo, achibale a amayi ali pomwepo, ndipo ndinati, "Atate, mwini mbumba pano ndine. Palibe amene akuchotseni. Muno ndi mwanu, mudzafera muno."

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wamva kuti kunja kuli mitambo. Kamtolo sanakakhudze. Azakhali anayankhula, ena anayankhula, iwo osasuntha. Kenaka Lameki, amene pa nkhani ngati imeneyi analibe ngakhale malo okhala, anasendera chokwawa n'kunena motsitsa, "Bambo, mukapita ine nditsala ndi yani?"

Atate anatenga kamtolo kaja n'kulowa nako m'nyumba. Anthu anasangalala, amayi ena analuluta. Ine ndinali chigwadire pafumbi paja, ulamuliro wanga wonse uli m'manja.

Koma chimene chinandilasa kwambiri chinachitika amayi akadali moyo, chaka cha masankho chimene chinatsatana ndi chilala. Chaka chimenecho tinakolola kwadzaoneni. Ogula anamanga masikelo m'mbali mwa msewu, mtengo unali wabwino, ndipo andale ankalonjeza kuti feteleza afika mvula isanagwe. Ine ndinali m'komiti ya kopaletivu yathu, ndipo amene ankaimira ukhansala ku chipani cholamula ankandidziwa ndi dzina. Ndinagulitsa chimanga changa chambiri, ndinalipira feteleza, ndinafolera nyumba yanga ndi malata, n'kusiya chokwanira kufika masika. Aliyense wanzeru anachita chimodzimodzi, ndipo zitabwereranso ndikhoza kuchitanso.

Ndinapita kwa atate kukawachonderera. "Gulitsani chaka chino, atate. Amayi agoneko m'malata asanafe."

"Masankho adutse kaye."

"Adutsa bwanji? Opambana akudziwika kale."

"Iwe wawaona mavoti?"

Patapita masiku ndinaona ngolo ya atate itadzaza matumba, Lameki akuyendetsa, atate atakhala pamwamba. Ndinakondwa. Ndinauza mkazi wanga kuti lero lokha andimvera, ndipo ndinatenga njinga kuwatsatira kuti ndikawathandize pa sikelo, ogula asawabere. Atafika pamphambano, ngolo sinakhotere kumsewu. Inalowera njira ya ku Zemba, kwawo kwa Lameki. Ndinaima pomwepo, phazi limodzi pansi, mpaka fumbi lawo linatha. Ngolo ija inapita n'kubwerera maulendo angapo sabata imeneyo, ndipo ulendo wotsiriza inatsogoza ng'ombe zazikazi ziwiri ndi mbuzi. Ine palibe anandiuza kanthu. Nditafunsa Roza, anati, "Achimwene, za amuna awiri aja ine ndimangoonera ngati inu nomwe."

Masankho anabwera, ndipo anapambana ena. Kopaletivu yathu inalowa anthu atsopano, ife akale tinakhala oyang'ana kumbali. Feteleza wanga ndinamulandira chimanga chitafika kale m'mawondo, chili chachikasu. Ndinathira ndithu, chinadzukako. Kenaka, chitangoyamba kumasula ngayaye, mvula inadula. Kumwamba kunayera mbee sabata ndi sabata. Chimanga chinapota masamba n'kuuma chili chiimire, ndipo m'minda munkamveka fungo ngati la udzu wofolerera. Pokolola, ena anabwera ndi dengu limodzi munda wonse. Mitengo ya zinthu m'sitolo inkasintha ngati mthunzi, ndipo ogula aja amene anatenga chimanga chathu anabwera nacho chomwecho kudzatigulitsa pa mtengo woti munthu ugwire pakamwa.

Atate munda wawo sunali wokongola chaka chilichonse. Ankasakaniza chimanga cha makolo, mapira, khobwe, maungu, chinangwa kumalire, mbatata kudimba, zonse pang'onopang'ono, moti alangizi akadutsa ankangopukusa mitu. Chaka chimenecho chimanga chawo chinapsanso ngati cha aliyense, koma mapira anapirira, chinangwa chinalipo. Amayi anasiya kutchula malata.

Pofika nyengo yotentha nkhokwe yanga inali mbee. Ana ankadya mango osapsa owiritsa. Wamng'ono anayamba kutupa masaya, tsitsi likufiira. Ndinapita kwa atate. Ndinawapeza akusenda chinangwa choti ayanike, ndipo ndinawauza mmene zinthu zinalili. Anandipatsa makaka m'lichero kuti ana adyeko tsiku limenelo, kenaka anati, "Chimanga chili ku Zemba. Kauze alamu ako akupatse ngolo."

"Ndikapemphe kwa mkamwini chimanga cha atate anga?"

"Ukapemphe kwa amene akusunga."

Ngolo sindinapemphe. Ndinakwera njinga ndekha m'mawa mwake, matumba ndamanga kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikayankhe akakandinyoza. Ndinkafuna ndithu kuti akandinyoze.

Amayi ake a Lameki, aNaphiri, anandiona ndili patali n'kuthamanga kudzandilandira njinga. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, anandipatsa madzi, ndipo m'chaka cha njala chotero anagwira nkhuku n'kuipha. Ndinakana, iwo anati, "Mwana wa a Mwale angachoke pano osadya? Bambo anu angandimve bwanji?" Kuseri kwa nyumba kunali nkhokwe yatsopano yomata bwino, ndipo mamangidwe ake ndinawazindikira: anali manja a atate. Ng'ombe zathu zinali m'khola la eni, zonenepa ndithu, chifukwa dambo la kumeneko linali lisanaume.

Tikudya, mayi aja anayamba kucheza. "Pamene mwakhalapo m'pamene amakhala bambo anu akabwera. Iii, koma munthu woseketsa uja! Akayamba nthabwala ndi mwana wangayu, ife timachita kugwira nthiti."

Ndinaleka kutafuna. "Atate?"

"Eya. Nanga nyimbo zija? Akamwa thobwa pang'ono amayamba nyimbo za kudambwe za kwawo, zimene ankaimba asanabatizidwe. Tsiku lina anadzuka n'kutivinira pano, fumbi koboo, jekete ataponya uko. Lameki ndiye ankawaombera m'manja. Anatilumbiritsa kuti tisakawanenere kwa a katekisiti."

Anaseka okha pokumbukira. Ine ndinabweza nyama ija m'mbale. Ndinabadwira m'nyumba ya munthu uja, ndinakula ndikumva kutsokomola kwake, ndinkadziwa kulira kwa mapazi ake. Koma sindinamuonepo akuvina, ndipo kuseka kwake kumene ndinkakudziwa kunali kotulutsa mpweya m'mphuno kamodzi basi. Chimanga kusungitsa kwa eni ndikanapirira. Koma anali atasamutsira ku Zemba ngakhale chimwemwe chake.

Anandidzazira matumba, chimanga cholimba cha makolo chothira phulusa, chosafumbwa ngakhale pang'ono. Njinga inalemera moti ndinabwerera ndikukankha. Ana anga anadya, wamng'ono uja anachira, ndipo lero ali kusukulu. Chimanga chija chinadyetsa nyumba yanga, ya Roza, ya azakhali ndi ya atate mpaka mvula ina. Zimenezi sindikana, ndipo sindidzakana.

Nditabwerako ku Zemba, tsiku lotsatira ndinawalondola atate kudimba. Anali akutunga madzi pachitsime chakuya chimene anafukula pakati pa dambo louma, akuthirira mpiru. Sindinawapatse moni.

"Atate, kodi ine ndine mwana wanu?"

Anatsitsa ndowa. "Wadya?"

"Ndikufunsa. Chimanga mukasungitsa kwa eni, ine osandiuza. Ng'ombe kwa eni. Ndamva kuti kumeneko mumavina."

Apo anayang'ana kumbali, ndipo ndinaona makutu awo akuchita manyazi. Anakhala pa mzere n'kundilozera kuti nanenso ndikhale. Ndinakana.

"Chimanga chija chikanakhala pano," anatero, "chikanatha mvula isanadule. Akanabwera a chipani kudzapempha cha msonkhano, iwe ukanawapatsa, chifukwa ndi anzako. Akanabwera abale a amayi ako, ukanawapatsa, chifukwa ndiwe mwini mbumba. Ine sindikanakana, chifukwa munda ndi wawo. Ndipo moto ukabuka m'mudzi susankha nkhokwe. Chinthu chimafunika chikhale kwina."

"Mukanandiuza."

"Iwe mtima wako uli pakamwa, Filipo. Si choipa. N'chifukwa chake anthu amakukonda."

"Nanga uja ali ndi chiyani chimene ine ndilibe?"

Anaphwanya chibuluma cha dothi ndi zala. "Uja amaopa," anatero. "Iwe unabadwira pa nthaka yako. Ungalakwe chotani, palibe adzakuloze njira. Uja akagona amadziwa kuti denga ndi lake koma pansi ndi pa eni. Ine ndagona choncho moyo wanga wonse. Ndikakhala naye sindifunika kufotokoza."

"Ndiye kulakwa kwanga n'koti ndili kwathu?"

"Palibe walakwa. Tenga ndowa iyo undithandize."

Ndinathirira nawo mpaka dzuwa kupendeka. Anthu ena akamva nkhaniyi amati atate anandiyankha mwanzeru, ndipo mwina n'zoona. Ine chimene ndinamva n'choti pali khomo limene sindidzalowa, ndipo palibe chimene ndingachite, chifukwa munthu sungadzisandutse mlendo m'mudzi mwa amayi ako.

Zaka zawo zotsiriza, amayi atapita, atate anafooka koma khalidwe silinasinthe. Ankayendabe m'makomo kuuza anthu kuti asagulitse chonse, asunge mbewu yawoyawo, adzale kanthu kena pambali pa chimanga, akhale ndi mbuzi ngakhale imodzi, asadane ndi mnansi chifukwa cha chipani popeza wodzakunyamula ukadwala ndi mnansiyo. Chilala chija chitadutsa anthu anasiya kuwaseka, ena mpaka ankabwera kudzafunsa ngati chaka chino n'chogulitsa. Atate zimenezi sizinkawasangalatsa. Ankati anthu akayamba kukutama, konzeka.

Anadwala chifuwa nyengo yozizira, ndipo tinawatengera ku chipatala cha ku boma. Ndinawadikirira ndine, chifukwa Lameki anatsala kuyang'ana ziweto. Ndinkawatembenuza, kuwamwetsa phala, kuwasambitsa. Masiku amenewo ndinali nawo ndekha, ndipo ngakhale ankavutika, ine mumtima munali kakukondwa kena. Tsiku lina masana anandigwira dzanja n'kuliyang'anitsitsa, kulitembenuza uku ndi uku. Anati zala zanga n'zofanana ndi za amayi awo. Ndinadikira kuti apitirize. Iwo anafunsa ngati a Tembo akumbukira kukankhira ng'ombe kudibi. Anamwalira m'mawa mwake, Lameki ali m'njira.

Pamaliro Lameki anandikokera pambali, maso ali psuu. Anati, "Alamu, bambo ankakunenani kwambiri. Ankati Filipo sadzagona ndi njala, chifukwa khomo lililonse m'dziko muno lidzamutsegulira. Ankati akanakhala ndi mtima wanu akanakhala munthu womasuka." Ndikudziwa kuti sananame, munthu uja sanama. Ndinamuthokoza. Koma taonani, ngakhale mawu abwino a atate anga anandifika kudzera pakamwa pa Lameki.

Abale a atate anabwera ndi galimoto kuchokera kumalire kudzatenga thupi, poti mkamwini amakagona kwawo. Tinakawaika kumeneko, pakati pa anthu amene ambiri mwa iwo sankawadziwa n'komwe. Muno m'mudzi, mmene anakhala moyo wawo wonse, mulibe manda awo.

Itakwana nthawi yogwetsa nyumba yawo, tinasonkhana amuna a pabanja. Tinasasula denga, tinagwetsa makoma. Ine ndinatenga khasu kuti ndiyambe kusalaza pansi, ndipo nditafika pakona pamene pankakhala bedi lawo, Lameki anandigwira mkono.

"Pepani alamu, pamenepo mwapang'onopang'ono. Pali dzenje."

Anagwada n'kupalasa dothi ndi manja. Panali matabwa, pansi pake dzenje lofika m'chiuno, lozira bwino, ndipo munali mitsuko yomata pakamwa ndi dothi. Tinaitulutsa umodziumodzi: mapira, mawere, nzama, khobwe, nsawa zazing'ono zakale zija, nthanga za maungu, chimanga cha makolo. Mbewu zonse zinali zatsopano, za chaka chomwecho. Munthu wodwala uja sakanatha kutsikamo yekha. Sindinafunse kuti ankawathandiza ndani, kapena kuti dzenjelo linakumbidwa liti. M'nyumba imeneyo ine ndinakuliramo.

Lameki anaika mitsuko yonse patsogolo panga n'kubwerera m'mbuyo. Anati mwini kugawa ndine. Ndinagawa, ndipo iye analandira gawo la Roza ndi manja awiri.

Pamalopo lero palibe chilichonse. Patsala kachitunda ka dothi lofiira, kooneka ngodya zake zinayi, ndipo pamene panali khonde pamera chisoso ndi bonongwe. Mbuzi zimakonda kugonapo masana. Njira yopita kudambo ikadali yokhota pamenepo, anthu akuzungulirabe makoma amene kulibe. Dzenje lija silinakwiriridwe. Mvula ikagwa mumadzaza madzi, nkhuku zimamwamo, ndipo azimayi amakalipira ana kuti asasewerere pafupi. Lameki anabwera tsiku lina ndi fosholo kuti alikwirire. Ndinamuuza kuti alisiye, malo ano ndi athu. Anati chabwino alamu, n'kubwerera ndi fosholo yake. Lili pomwepo mpaka lero, pakati pa bwalo, kukamwa kuli yasa.